Amayi Jenifer Malizani ndi Kamba wa Mfundo Zitatu

Akhristu anzathu, tsamba la mwezi uno talipereka kwa Amayi Jenifer Malizani a ku Kawale, amene Ambuye anawaitana mu Febuluwale chaka chino. Tikudziwa kuti m'nkhani zotere timayenera kunena kuti malemu anali ofatsa, omvera, osavuta. Ife sitinena zimenezo, tingachimwe. Amayi Malizani anali okhulupirira zenizeni, inde, koma makani anali pamenepo. Wokayika akafunse mwana wawo Thokozire, amene anatha zaka makumi awiri ndi zisanu akulimbana ndi chinthu chimodzi chokha: kuti amayi ake akafike kuphiri la mtanda, ngakhale kamodzi kokha, asanamwalire.

Anabadwa mu 1951 ku Ntcheu, mbali ya ku Bilira, woyamba mwa ana asanu ndi mmodzi. Sukulu anangoilawa. Mayi awo atamwalira, analekezera Sitandade 2 kuti alere azing'ono awo. Bambo awo anali wosula makasu, ankayenda wapansi m'misika masiku atatu asanabwerere, ndipo wowamangira kamba wa paulendo anali Jenifer, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Kumeneko ndiye anaphunzira kuti chakudya chosachedwa kusasa chimadyedwa tsiku loyamba, cholimba chimadikira. Poti kulemba sankadziwa, ankazindikiritsa timaphukusi take ndi luzi: mfundo imodzi tsiku loyamba, ziwiri lachiwiri, zitatu lachitatu. Luso limeneli sanalisiye mpaka imfa.

Mu 1975 anakwatiwa ndi Abambo Grain Malizani, mmisiri womanga nyumba, ndipo anabwera nawo ku Lilongwe nthawi imene mzinda uno unali fumbi ndi njerwa zokhazokha. Mulungu anawapatsa ana anayi. Awiri anawaika m'manda chaka chimodzi, chikuku chitavuta. Abambo Malizani anagwa pamakwerero kuntchito, anagona pamphasa zaka zitatu, ndipo anamwalira mu 1996. Nthawi yonseyo amayiwa ankawasambitsa, kuwadyetsa, kenaka n'kusenza dengu la zitumbuwa ndi chigumu kupita nalo kumsika. Misa ya m'mawa sankajomba. Kudandaula sitinawamvepo. Ukawapepesa, ankangokuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa kuti, "Wadya?"

Mu 1998 parishi yathu inayamba ulendo wapansi wa chaka ndi chaka, wa masiku atatu, kuchokera patchalitchi pano kukafika kuphiri lina kufupi ndi Dedza, pamene akhristu a kumeneko anaimika mtanda. Madzulo, akhristu a m'malo amene gulu lagona amaliphikira, koma chamasana aliyense amanyamula yekha. Chaka choyambacho Amayi Malizani ananyamuka nawo, akuimba kuposa kwaya. Atafika pa Nanjiri, mayi wina anagwa pamsewu, chikomokere. Anali atabwera chimanjamanja, osadya kuyambira dzulo lake, ndipo manyazi anamuletsa kunena. Amayi Malizani anamudyetsa kamba wawo, anamukweza minibasi, anamuperekeza mpaka kwawo. Pa Nanjiri pomwepo ndiye patali pamene anafika pa ulendowu m'moyo wawo wonse.

Sabata yotsatira anakakhala pakhonde la bambo mfumu, ndipo sanachokepo mpaka lamulo litakhazikitsidwa: munthu aliyense kamba wake, wopanda kamba sanyamuka. Akatekisiti athu, Abambo Ezekiel Tiwale, anapatsidwa ntchito yoima pageti la tchalitchi kuyang'ana munthu mmodzimmodzi. Ntchito yomanga kambayo Amayi Malizani anaitenga okha, palibe anawapempha. "Wanjala sapemphera," ankatero, "amangoyasamula pamaso pa Mulungu."

Koma abale, ntchito yake! Thokozire anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri pamene anaiyamba, ndipo ngakhale atakula, atakwatiwa, atatsegula shopu yake yosoka zovala ku Biwi, Seputembala akafika ankatseka shopu sabata yathunthu. Akhristu ankabweretsa mazira, mbatata, nthochi, mgaiwa, chimanga, mtedza, ndipo bwalo la Amayi Malizani linkasanduka msika. Kamba wa munthu mmodzi anali timaphukusi titatu tomangidwa pamodzi. Ka mfundo imodzi kanali ka mazira ophika ndi mbatata, ka mfundo ziwiri ka chigumu, ka mfundo zitatu ka chimanga chokazinga ndi mtedza. Zonse zinkakulungidwa m'masamba a nthochi owamba pamoto kuti afewe. Chaka china amayi a mphakati anabweretsa majumbo kuti ntchito ifulumire. Amayi Malizani anawathokoza bwinobwino, anawapinda majumbowo, n'kuwakhalira. Amati chakudya chimachita thukuta m'jumbo.

Chotopetsa china chinali chakuti ankadziwa mimba ya munthu aliyense m'parishi muno. Uyu ali ndi shuga, chigumu chake chikhale chapadera. Uyu mazira amamutupitsa. Uyo ndi woyembekezera, sananene koma aikireni ziwiri. Thokozire akamanga maphukusi makumi atatu, amayi ake ankadutsa kumbuyo kwake, kumasula asanu ndi awiri, n'kuyambiranso.

"Amayi, mfundo ndi mfundo basi!"

"Iyi si mfundo, ndi chipongwe. Munthu wotopa amasula bwanji zimenezi, ndi mano?"

Komabe zonsezi Thokozire akanazipirira. Chimene chinkamudya mtima chinali china. Chaka chilichonse amayi ake ankadzimangira kamba wawo, kuvala yunifomu ya bungwe la amayi, kutenga korona, kupita pageti okonzeka kunyamuka. Ndipo chaka chilichonse, gulu likuyamba kutuluka, pankatulukira munthu wopanda kanthu m'manja: mayi wamasiye, bambo wochotsedwa ntchito, mlendo wongomva mabelu. Abambo Tiwale akangoti, "Pepani, lamulo silikulola," dzanja la Amayi Malizani linali litatambasuka kale. Kamba wapita. Wopanda kamba sanyamuka. Basi, ulendo wobwerera kunyumba kukatsuka mapoto, Thokozire ali pambuyo, atapsa mtima.

Musaganize kuti sanayese. Anati timange maphukusi asanu apadera. Kunabwera anthu asanu ndi mmodzi. Chaka chotsatira anamanga khumi. Mbiri inali itafika ku Chinsapo ndi ku Area 23 kuti ku Kawale sabweza munthu, kunabwera khumi ndi atatu, ndipo awiri otsalawo amayi anawapemphera kamba kwa oimba kwaya amene anali atanyamula zochuluka. Anabisa phukusi m'mbiya, amayi analipeza. Anakalisungitsa kwa aneba, amayi anatuma uthenga kuti abweze katundu wa Mulungu. Mu 2009 anawagulira nsapato zoyera za kanivasi, poganiza kuti mwina nsapato zidzawakoka. Ha! Nsapatozo zinkayenda kamodzi pachaka, kuchokera kunyumba kukafika pageti n'kubwerera, kenaka m'katoni. Zilipo mpaka lero, zatsopano ngati za m'sitolo.

Ndipo Thokozire nayenso phirilo anali asanalione. Analumbira kuti sadzapita amayi ake asanapite, ndipo m'banja limeneli munthu akalumbira, walumbira.

Zaka zinapita. Mawondo anayamba kukana, mano anatha m'kamwa, kuchipatala anawauza kuti magazi akuthamanga, achepetse ntchito. Anavomera mwaulemu, n'kupita kukawamba masamba. Pofika chaka chatha, aliyense ankaona kuti ulendo wa masiku atatu sangauthenso, ndipo Thokozire mantha anamugwira. Anapita kwa bambo mfumu, anapita kukomiti, anagwada pamene sanagwadepo, mpaka anawapezera malo kutsogolo kwa lole yonyamula madzi ndi zikwama. Akwere lole, akatsike patsinde pa phiri, akakwere pang'onopang'ono atagwira mkono wa mwana wawo. Amayi anavomera. Anaseka ngati mtsikana, anachapa nsapato zoyera kale zija.

Tsikulo Thokozire sanafune zocheza. Kamba wa amayi ake anamubereka kumsana ndi chitenje ngati khanda, kuti dzanja lija lisamufikire, wake anamupachika paphewa. Amayi anawakweza m'lole, chitseko anatseka yekha. Maphukusi apadera makumi awiri anapita onse, ndipo pageti panalibe wotsala. Gulu linayamba kutuluka likuimba. Thokozire anachita chizindikiro cha mtanda, mtima unayamba kukhala pansi.

Ndiye kunatulukira mayi wina wa ku Mgona, thukuta lili kamukamu, m'manja botolo la madzi basi.

"Pepani ndachedwa," anatero mayiyo. "Ndamva dzulo lomweli. Amuna anga agonekedwa, ndimati ndikawapempherere kumtandako."

Thokozire anatembenuka, ndipo anaona khosi la amayi ake likutuluka pawindo la lole. Sanaganize kawiri. Anavula kamba wake paphewa n'kumukankhira m'manja mwa mayiyo.

"Tengani, tengani msanga. Dutsani. Kulole musayang'aneko."

Mayiyo anadutsa. Thokozire anamva kukoma mumtima: kwa nthawi yoyamba anali atawachenjerera amayi ake. Kukomako kunatha atafika pamaso pa Abambo Tiwale, pamene anazindikira kuti anthu atsala awiri, kamba mmodzi.

Akatekisiti, munthu wokalamba amene nkhondo imeneyi anali ataionera zaka zonsezi, anayang'ana kumbali n'kunong'ona. "Dutsani, mayi. Ine sindinaone kanthu. Mukagawana ndi amayi anu."

Chitseko cha lole chinatseguka. Nsapato yoyera inafunafuna pansi, kenaka inzake.

"Abambo Tiwale, mwaona bwinobwino. Lamulungu lomweli mumawerenga mawu m'tchalitchi opanda magalasi."

"Amayi, chonde, chaka chino chokha."

"Munthu aliyense kamba wake. Tikayamba zogawana lero, chaka chamawa wina adzagwa pa Nanjiri, ndipo adzakhala mwamugwetsa ndinu."

"Ndiye nditsale ndine," anatero Thokozire, akumasula chitenje. "Kamba uyu ndi wanu. Kwerani."

Amayi anabisa manja kumbuyo. "Ali kumsana kwa yani? Ine ndaima pano chimanjamanja, aliyense akuona. Iwe zaka zonsezi ukutsuka mapoto, phirilo sunalione. Ukuyesa sindiona?"

Apa Thokozire anaphulika, ndipo amene tinalipo sitidzaiwala.

"Inu simunafunepo kupita! Zaka zonsezi mwakhala mukungotiseweretsa! Yunifomu, korona, nsapato, zonsezi n'zongodzionetsera pageti. Mukanafuna bwenzi mutapita kalekale. Mwanditopetsa, amayi, ndatopa nanu!"

Kwaya inaleka kuimba. Amayi Malizani anayandikira, anagwira chitenje chija n'kuchimanganso pachifuwa pa mwana wawo, bwinobwino, monga ankachitira ali wamng'ono.

"Mazira udye lero," anatero. "Usasunge."

Thokozire anatuluka pageti osatsanzika, osacheuka.

Ulendo umenewo anauyenda ndi mkwiyo, iye mwini amanena. Korona inkadutsa m'zala, koma m'mutu ankakangana ndi amayi ake, ndipo mikangano yonseyo ankapambana. Pa Nanjiri anamasula mfundo imodzi, anadya mazira ngati akuwalanga. Tsiku lachiwiri, atadutsa Kamphata, mapazi atatupa matuza, anamasula mfundo ziwiri. Chigumu chinali chofewa, chonunkhira, ngati chaphikidwa m'mawa womwewo, ndipo zimenezo zinangomuwonjezera ukali. Ngakhale pokwera phiri tsiku lachitatu, anzake akulira ndi chimwemwe poona mtanda, iye maso anali gwa.

Itatha Misa, dzuwa lili paliwombo, anthu anakhala pansi n'kumasula mfundo zitatu. Phiri lonse linangomveka kukukuta chimanga. Thokozire anamasula zake, anatambasula tsamba, n'kukhala kakasi. Munalibe njere ya chimanga ngakhale imodzi. Munali ufa. Chimanga chokazinga ndi mtedza zinali zitasinjidwa pamodzi, kusefedwa mpaka kusalala, n'kuthiridwa kamchere, ndipo pambali pake panali kasupuni kakang'ono kopindika kamene amayi ake ankadyera phala. Chinali chakudya cha munthu wopanda mano.

Anakumbukira kuti kutatsala masiku awiri, ntchito ili pakati, anamva mtondo ukulira kuseri kwa nyumba, ndipo anakalipa kuti, "Mukusinjanso chiyani, nthawi ilibe?" Amayi anangoyankha kuti, "Zanga."

Bambo wina wa ku Chinsapo amene anakhala pafupi anasuzumira m'tsambamo. "Aaa, mwapeza zimenezi? Nanenso chaka chija anandipatsa kamba wawo ndinapeza ufa womwewu, ndi kasupuni komwe. Ndinakawabwezera. Ine ndinkangoti ndi kadyedwe ka ku Ntcheu."

Munthu wongodzionetsera pageti sadzisinjira chakudya cha tsiku lachitatu. Chaka ndi chaka amayiwa ankadziona atakhala pansi pa mtanda umenewu, akudya ndi kasupuni kawo, ndipo chaka ndi chaka ankapereka zonsezo ndi dzanja limodzi, osausa ngakhale moyo. Thokozire analira mpaka anthu anasiya kutafuna. Ufawo anaudya wonse, misozi ikugwera momwemo.

Lole itawatsitsa patchalitchi, anathamanga ndi matuza akewo mpaka kunyumba. Anawapeza amayi ake pakhonde akusankha nyemba, anagwada.

"Amayi, ndikhululukireni. Mawu aja..."

"Chigumu chinafika bwino tsiku lachiwiri? Ndimaopa, nthochi zinapsa kwambiri."

"Chinafika. Koma amayi, ndikunena za zimene ndinalankhula pageti."

"Supuni yanga wabwera nayo?"

Mukuona munthu wake? Mwana akupepesa ndi misozi, iwo akufunsa supuni! Thokozire anaitulutsa. Amayi anaipukuta ndi nsonga ya chitenje, anaiika pambali, kenaka anakankha lichero n'kugunda pamphasa pafupi nawo.

"Khala apa tsono. Tandiuza, phirilo n'lotani?"

Anawafotokozera zonse: njira yokhotakhota, miyala, mphepo yozizira, mtanda wachitsulo wopakidwa penti yoyera, midzi yooneka pansi ngati timabokosi ta machesi. Amayi anamvetsera maso ali chitsinzire, milomo ikuyenda. Atamaliza, amayi anafunsa ngati pamwambapo pali mthunzi wokwanira podyera.

Mvula itayamba, thupi linafooka. Sanagone pamphasa nthawi yaitali, sakanalola. Lachinayi lina la mwezi wa Febuluwale, bambo mfumu anabwera m'mawa kudzawapatsa masakramenti, ndipo sanachoke asanadye mbatata. Masana amayi anapempha kuti awatulutse pakhonde ndi mtolo wa luzi, amati Seputembala sachedwa. Thokozire anakhala pambali pawo akusoka. "Masamba uziwawamba, usamawawotche," anamuuza. Anatsamira khoma, luzi lili pamiyendo, ngati munthu amene akupumulako pang'ono. Thokozire atadula ulusi n'kutembenuka, anali atapita.

Pamaliro panadzaza anthu amene sitinkawadziwa, a ku Mgona, a ku Area 25, a ku Chigwirizano. Ukawafunsa kuti ndinu achibale a mbali iti, yankho linali limodzi: "Ine ndinadya kamba wawo." Mayi uja wa botolo la madzi analipo, ndi amuna ake, ali bwinobwino.

Mwezi wathawu ulendo unachitikanso, ndipo ntchito ya kamba inagwera Thokozire. Anatisonkhanitsa n'kutiuza mosapita m'mbali kuti zibwana zija zatha. Iye si amayi ake. Wofuna kupita alembetse nthawi ilipo, wochedwa adikire chaka chamawa, ndipo iye mwini apita chaka chilichonse mpaka miyendo idzakane. Tinaomba m'manja. Majumbo anawakana, mfundo zathu anamasula n'kuyambiranso. Maphukusi apadera anamanga makumi atatu. M'mawa wa ulendo anavala nsapato zoyera zija, akuti zikafike kuphiri ngakhale mwiniwake palibe.

Apadera aja anatha onse. Gulu linatuluka. Thokozire anali womaliza, phazi limodzi lili kale kunja kwa geti, pamene kunatulukira bambo wina wachikulire, jekete lothothoka, ndodo m'manja, china chilichonse alibe. Abambo Tiwale anatsegula pakamwa, anayang'ana Thokozire, anatsekanso.

Thokozire anaima. Anayang'ana bamboyo, anayang'ana msewu, kenaka anakweza maso kumwamba n'kulankhula mokweza, aliyense akumva.

"Amayi inu, koma ndinu ovuta!"

Anavula kamba paphewa, anamupachika paphewa pa bamboyo, anakonza luzi kuti lisamupweteke.

"Mfundo imodzi ndi ya lero, bambo. Mazira mudye lero, musasunge."

Anabwerera kunyumba akung'ung'udza njira yonse, anabweza nsapato m'katoni, n'kuyamba kutsuka mapoto.

Akhristu anzathu, ameneyo ndiye munthu amene tinali naye pakati pathu, ndipo chimene anatisiyira mwachiona. Tiwapempherere Amayi Jenifer Malizani. Ambuye awapatse mpumulo wosatha, ndipo chonde, angelo oima pageti la kumwambako awagwire dzanja mpaka alowe, asanaupereke mpumulowo kwa wina.